Samsoni akumusakayo ndine

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 34, wa ana atatu, ndimakhala kwa Kaluluma kuno ku Kasungu. Ndimasoka zovala pakhonde la sitolo ina pamsika, ndipo kumudzi timalima fodya ndi chimanga monga wina aliyense. Amuna anga ndi mkulu wa mpingo. Ndayamba ndi zimenezi kuti mumvetse chifukwa chake nkhaniyi sindinaiuzepo munthu pamaso.

Chaka chatha, nthawi ya makuponi, tinakhala masiku anayi pamzere kudepoti kudikira fetereza amene sankabwera. Pofuna kutayako nthawi, ine ndi amayi anzanga angapo tinayamba kupeka nkhani, wina kuyamba, wina kupitiriza. Fetereza atabwera tinabalalika, koma nkhaniyo sitinafune kuti ifere pomwepo, ndiye ndinatsegula gulu pa WhatsApp. Timachita sewero lolemba. Aliyense ali ndi munthu wake wopeka, amalemba zimene munthuyo akunena ndi kuchita, mnzake n'kuyankha ndi munthu wakenso. Nkhani yathu imachitikira pa esiteti ya fodya yongopeka. Tinafika anthu khumi ndi anayi, akazi okhaokha. Popeza sewero lopanda amuna silikoma, enafe tinatenga mbali za amuna. Ine ndinakhala Samsoni, dalaivala wa lole yonyamula mabelo. M'mafoni mwathu tinasungana ndi mayina a m'sewero omwewo, ndipo ine ndinagula simu yapadera imene amuna anga saidziwa.

Malamulo a gulu ndinalemba ndine. Ankandinyansa anthu oyankha kuti "Eya" kapena "Anaseka", mnzawo atathera ola lathunthu ndi bandulo yake polemba. Ndiye ndinati ikafika nthawi yako, ulembe mizere yosachepera khumi ndi isanu. Ukalemba zoperewera katatu, watuluka. Ukakhala chete masiku atatu osatsanzika, watuluka. Lalikulu pa onse linali lakuti za m'gulu sizituluka kunja, ngakhale kwa amuna athu. Ndinkawanyadira malamulo amenewa, Aphungu. Ndinachotsapo anthu atatu osaphethira n'komwe.

Pakati pathu panali mtsikana wina, ndimutche Lusungu. Ali ndi zaka 22, kwawo ndi kumalire ndi Mzimba, koma anakwatiwa m'mudzi woyandikana ndi wathu ndi bambo wina, ndimutche Yobe, ndipo timapemphera mpingo umodzi. Mwana ameneyu amalemba. Sukulu anasiyira Fomu 3, koma akafotokoza mvula ikugwa padenga la chigafa, fungo la fodya wonyowa umalimva ndithu. M'sewero anali Feliya, mkazi wa kapitawo wankhanza, ndipo Feliyayo anagwa m'chikondi ndi Samsoni wanga. Gulu lonse linkadikira ife awiri.

M'mwezi wa Malichi, kuthyola fodya kuli pakati, Lusungu anasintha. Ine ndikalemba zodzaza foni, iye ankayankha kamzere kamodzi. "Feliya anayang'ana pansi." Basi. Tsiku lina, "Feliya sanayankhe." Zinandiwawa. Ndinaona ngati wayamba matama chifukwa anthu ankamuyamikira. Ndinamuchenjeza koyamba, kachiwiri, pagulu pomwepo aliyense akuona. Iye anandilembera kumbali kuti, "Asisi, pepani chomene, foni sindikumaigwira nthawi yaitali masiku ano. Mundipirire pachoko." Sindinafunse kuti chavuta n'chiyani. Ndinangoti ndi ntchito ya kumunda, n'kumuyankha mawu amene mpaka lero ndimabwerera kukawawerenga: "Tonse tikusoka fodya, mwana iwe, koma tikulemba. Mawa pofika masana ndione mizere khumi ndi isanu, apo ayi ndikuchotsa, Feliya ndipatsa wina."

Mawa lake dzuwa lisanafike pamutu, analemba. Inadutsa mizere makumi anayi. Feliya ankauza Samsoni kuti watopa ndi nyumba imene akukhalamo, kuti akangomva njinga ya mwamuna wake panja amasowa pobisala, kuti Lachisanu adzamudikire ndi lole pamphambano athawe. Ine ndinayankha nthawi yomweyo monga Samsoni: "Ndibwera, wanga. Usatenge kanthu, ubwere mmene ulilimo."

Kuchokera pamenepo, zii. Tsiku loyamba, lachiwiri, lachitatu. Ndinapsa mtima kuti wandithawa pamene sewero lafika pokoma. Tsiku lachinayi m'mawa ndinamuchotsa, n'kulemba pagulu kuti lamulo siliona nkhope.

Patapita sabata, mng'ono wake wa Lusungu, dzina lake Goodness, anabwera pamakina anga ndi bulauzi. Anati, "Mukulitse mkono uwu kuti chikhakha chizilowa." Ndinafunsa kuti wathyoka ndani. Iye sankadziwa za gulu lathu, ndiye anangofotokoza zonse ataima pomwepo, ine lumo lili m'manja.

Akuti mavuto anayamba pamene Yobe anagulitsa kuponi ya Lusungu kwa mavenda, Lusungu n'kukadandaula kwa achibale a mwamunayo. Kuyambira Januwale ankamumenya, ndipo foni anamulanda. Lusungu ankangoigwira mwakuba mwamunayo akapita kukasamba, n'kufufuta zonse akawerenga. Kamzere kamodzi kaja n'kamene ankakwanitsa. Tsiku la malire amene ndinamuikira aja litakwana, anaitenga m'thumba la jekete n'kukabisala kuseri kwa chigafa pafupifupi ola lathunthu, fodya wothyola akufota padzuwa. Yobe anamupeza. M'fonimo anawerenga zimene Lusungu analemba, ndi yankho lochokera kwa munthu wolembedwa kuti Samsoni. Anamumenya ndi ndodo yopachikira fodya. Mkono unathyoka, ndipo mimba ya miyezi inayi inachoka. Tsiku limene ine ndinkalemba kuti lamulo siliona nkhope, iye anali pabedi kuchipatala ku Boma.

Apo m'pamene ndinakumbukira kuti masiku amenewo bambo wina anaimba pa simu yanga ija n'kunena kuti, "Mupatse foni Samsoniyo." Ndinayesa wasokera nambala, ndinadula. Pano simuyo ndinaichotsa, ili m'kabati ya makina, pansi pa ulusi.

Lusungu anatuluka m'chipatala, akukhala kwa azakhali ake. Mudzi wonse ukuti anagwidwa ndi chibwenzi. Goodness anandiuza kuti, "Ankhoswe akamufunsa akuti anali masewera. Akati ndiye Samsoniyo ndani, akungoti analonjeza kuti saulula." Aphungu, akusunga lamulo langa. Ine ndinamutaya, iye akundibisa.

Kumapeto kwa mwezi uno ankhoswe akumana, ndipo akulu a mpingo akhaliranso nkhani yake, amuna anga ali momwemo. Dzana tikusankha fodya amuna angawo anati, "Atsikana awa mafoni awawononga, uyu tikamuleka ena atengera." Ndinangowerama. Anzanga a pagulu nditawauza, asanu anatuluka tsiku lomwelo, ena akuti tifufute zonse. Mmodzi anati, "Lachinsinsi unaika wekha, usatilowetse m'mavuto."

Ndikaulula, amuna anga adziwa kuti ndinali ndi simu yobisa. Kumvano, ku gulu lathu la amayi a mumpingo, andichotsa. Anthu adzati mkazi wa mkulu wa mpingo ankadzisandutsa mwamuna n'kumalembera mkazi wa mwini mawu achikondi, ndipo mukudziwa mmene adzaikometsere. Yobe naye ndikumuopa, akuti akuyenda ndi chikwanje kufunsa za Samsoni. Koma ndikakhala chete, mwana uja atchedwa wachigololo moyo wake wonse. Chakudya sichikulowa. Bulauzi ija ndinaisoka, koma ndinalephera kukapereka ndekha. Ndichite chiyani?

P.N., Kaluluma, Kasungu.

Mayi P.N.,

Pepani ndi zimene zakugwerani, koma tiyeni tigawe katunduyu msanga, chifukwa mwasenza wina amene si wanu, wanu weniweni mwamusiya pansi.

Mkono wa Lusungu anathyola ndi Yobe. Mimba anachotsa ndi Yobe. Anayamba kumumenya mu Januwale, inu musanalembe uthenga wanu uja, ndipo akanapanda kupeza Samsoni m'foni akanapeza chifukwa china. Ngakhale Samsoniyo akanakhala mwamuna weniweni wandevu zake, palibe lamulo, la boma kaya la mpingo, lopatsa munthu mphamvu yomenya mkazi wake. Umenewo si mlandu wanu.

Wanu ndi uwu: mnzanu anati "mundipirire", inu n'kuwerenga mizere m'malo momufunsa kuti zili bwanji kunyumba. Munalakwa, koma simunkadziwa. Lero mukudziwa. Kukhala chete kwa lero n'kolemera kuposa zonse zimene munachita mu Malichi.

Yambani ndi Lusungu. Pitani kwa azakhali akewo nokha, sabata ino. Musamuimbire kapena kumulembera, foni yake ili m'manja mwa Yobe. Mukafika pepesani mwachidule, ndipo musakalire mpaka wodwalayo ayambe kutonthoza inu. Mukamuuze momveka kuti lamulo lachinsinsi lija latha. Munalipanga ndinu, mukhoza kulimasula ndinu. Kenako mumufunse zimene iye akufuna kuti zinenedwe, ndi kwa yani. Nkhaniyi yachitikira pathupi pake, ayambe ndiye kulankhula.

Musafufute kanthu, ndipo simu ija isatayike. Malamulo amene munalemba, chiyambi cha sewero, machenjezo anu awiri, uthenga wake wopempha kuti mumupirire, zonsezo ndi umboni woti inali nkhani yopeka ya amayi okhaokha. Anzanu amene akuopa musawakakamize kapena kuwatchula mayina. Inu nokha mukukwanira.

Amuna anu amve kwa inu, kunyumba, akulu a mpingo asanakumane. Akwiya, makamaka pa za simuyo, ndipo pamenepo muvomere kulakwa osadzitchinjiriza. Koma n'kwabwino akwiyire m'nyumba kusiyana n'kuti adzadzidzimuke pagulu ataweruza kale munthu wosalakwa. Muwapemphe kuti pa nkhani imeneyi akhale pambali, aweruze ena. Za kumvano ndi miseche ya pamsika sindikunamizani, zibwera. Akunenani mwezi umodzi kapena iwiri, kenako apeza wina womunena. Kupeka nkhani si chigololo. Manyazi anu adzatha, pomwe dzina limene akumupatsa Lusungu silichoka.

Yobe musakumane naye nokha, ndipo musayese kukamufotokozera kuti mtima wake ukhale pansi. Munthu woyenda ndi chikwanje ndi wa apolisi. Ankhoswe amakonza banja, sakonza fupa lothyoka kapena mimba yotayika. Kuchipatala kumene anagonekedwa angathe kupereka kalata yofotokoza mmene anavulalira, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza za m'banja. Muuzeni Lusungu zimenezi azakhali ake ali pomwepo. Akavomera, mumuperekeze. Akazengereza, musamukalipire, mudzabwerenso. Zoti Yobe akusaka mwini nambala yanu mukanene kupolisiko inuyo, chifukwa zikukhudza moyo wanu.

Gulu lanu likapulumuka, lamulo la kutalika kwa zolemba si tchimo, pakuti palibe amene amakondwa kulemba zambiri n'kuyankhidwa ndi liwu limodzi. Koma wina akayamba kufupikitsa, mufunseni kumbali, osati kumuyalutsa pagulu. Munthu asachotsedwe m'gulu wina wa inu asanamuone kapena kumva mawu ake. Manambala musunge ndi mayina enieni, ndipo lamulo loletsa munthu kudziteteza lisadzabwererenso.

Tsopano chenjezo langa, ndipo ili mulimvetse kuposa zonse. Tsiku limene mudzaime n'kunena kuti Samsoni ndinu, anthu adzapumira m'mwamba. Ena adzaseka. Ankhoswe adzati, "Ohoo, kani kunali kusamvetsetsana chabe," Yobe adzagwada n'kupepesa, ndipo dzuwa lisanalowe adzayamba kumuuza mwanayo kuti anyamule zovala abwerere kunyumba yake. Choncho musakanene mbali imodzi yokha. Mukanene kuti Samsoni ndinu, ndipo pomwepo, musanakhale pansi, inu ndi Goodness mukanenenso kuti mwamunayu wakhala akumumenya kuyambira Januwale, kuti anapha mwana wake yemwe, ndi kuti Lusungu sakubwerera kumeneko pokhapokha atafuna yekha. Mukanena mbali yoyamba yokha, mudzakhala mutatsuka dzina lake n'kumuperekeza nokha kwa munthu woti akamalize zimene anayamba.

Aphungu.