Tsitsi la pa Mutu wa Senyor

Loweruka, 25 Malichi

Kutentha koopsa. Odzameta ochepa. Fani ya m'shopu yayambanso kulira ngati mbuzi, ndalama ya bilu ya magetsi sinakwanebe.

Masana Ate Choleng, mkulu wake wa malemu mkazi wanga, anandiitanitsa. Pa tebulo katoni yochokera ku Milan, kwa mwana wawo. M'katimo wigi ya nayiloni, yakuda bii, yonyezimira, yopotanapotana. Akuti ndi ya Senyor, chifaniziro cha Yesu wakufa chimene banja lawo lasunga kuyambira nthawi ya agogo awo, chija timachikoka pa ngolo Lachisanu Loyera.

Ndiye kuti wigi yakale, ya tsitsi la mkazi wanga Luningning, ichoke pamutu paja. Anati, "Uja ndi Mulungu, Dado. Mulungu wadazi unamuona kuti?"

Ndinamwa khofi wawo, shuga wambiri ngati kale.

Lolemba, 27 Malichi

Mpunga ndi nsomba zouma. Mpando wometera wathyokanso mwendo.

Ning ndinamumeta ndekha pa mpando womwewu asanayambe mankhwala a khansa. Anati lithothoka ndithu, bola lipite kwa Senyor, mwina angamukumbukire. Osoka a ku tauni anatisokera wigi. Ning sanachire. Ine ndi Mulungu nkhaniyi sitinaikambiranebe.

Komabe Lachinayi Loyera lililonse ndimapita kwa Ate ndi chipeso ndi mafuta a kokonati. Azimayi amapukuta thupi la mtengo lija ndi thonje, mutu ndi wanga. Kamodzi pa chaka ndimapesa mkazi wanga. Chaka chino ayi.

Ate sakunama. Njenjete zadya kumbuyo, pa liwombo payera, neti ikuonekera. Imvi zilimonso zambiri.

Lachinayi, 30 Malichi

Bambo Teodulo, wansembe wathu, anabwera kudzameta. Mwana wamng'ono ndithu koma dazi layamba kale, amafuna ndizilibisa ndi la m'mbali.

Ndinawafunsa, lumo lili pakhosi, ngati Yesu akanamera imvi akanakalamba. Anati akanamera, ndi mano omwe akanaguluka. Mulungu weniweni, munthu weniweni, osati theka ili theka ilo. Ankatuluka thukuta, ankatopa, amayi ake ankamusaka nsabwe ngati mwana wina aliyense. Kenaka anati nsabwezo ndisakanene kuti ndamva kwa iwo.

Ndinati ndiye akawauze Ate Choleng. Anaseka. "Mang Dado, bishopu sindimuopa ngati mmene ndimaopera mayi aja. Senyor ndi wa banja lanu, ine wanga ndi madzi odalitsa."

Analipira, anasiyanso za ufulu. Nzeru zambiri, thandizo palibe.

Lamulungu la Kanjedza, 2 Epulo

Ku Misa ndinaima kumbuyo, pafupi ndi khomo, pomwe pamapita mphepo. Oimba masautso a Ambuye ayamba kale pa chimkuzamawu kwa aneba. Sabata yonse tulo tatha.

Pa masitepe Ate anandipatsa katoni ya nsapato yomanga ndi chingwe, muli tsitsi la Ning. Anati Yesu anafa ali mnyamata, imvi za mayi wa zaka makumi asanu zikufunanji pamutu pake. Ndinawauza zomwe ananena Bambo Teodulo, nsabwe ndinasiyako. Anayang'ana kumsewu. Kenaka motsitsa mawu, "Iwe umapesa n'kumapita. Ine ndimayenda kumbuyo kwa ngolo. Chaka chilichonse ndimaika mng'ono wanga m'manda kachiwiri. Ndatopa, Dado."

Ndinawamvera chisoni, zomwe sindinazolowere. Katoni ndinabwera nayo pa njinga yamoto, ili pamiyendo.

Lachiwiri, 4 Epulo

Dzulo sindinatsegule katoni. Lero ndatsegula.

Ndimaganiza kuti mwina ndapindula, tsopano ndizipesa tsiku lililonse. Ndinaliyala pa tebulo, ndinathira mafuta m'manja. Palibe chomwe ndinamva. Pamutu pa Senyor, pamwamba pa nkhope yotupa ija, linali Ning atagona ku chipatala. Pa tebulo ndi tsitsi basi, ngati lomwe ndimasesa madzulo aliwonse.

Zandiwawa kwambiri. Ndabwezera m'katoni, ndaika pamwamba pa kabati.

Odzameta ambiri, aliyense akufuna kuoneka bwino pa mdipiti. Nkhani yawo ndi ya atambala omenyana okhaokha, akudandaula kuti bwalo latsekedwa mpaka Pasaka.

Lachitatu, 5 Epulo

Ate anatuma uthenga kuti ndikadule wigi yatsopano, ikuphimba maso. Ndinapita. Ntchito ndi ntchito.

Nayiloni imaterera pa sizasi, siimva mafuta, siimva madzi. Ndinailinganiza bwinobwino. Senyor wakongola, tisaname. Ngati oimba a pa kanema. Azimayi anajambula ndi mafoni kuti atumize ku Milan.

Kenaka Aling Pasing wogulitsa nsomba analowa ndi miyendo yake yotupa ija. Chaka chilichonse amawerama n'kunong'oneza Senyor mavuto ake kukhutu, ena timawamva tonse. Lero anaima patali, kuyang'ana, kuyang'ana. Anati, "Abwanawa achokera kunja eti? Za miyendo yanga angazimve awa? Uja wa chaka chatha ankaoneka kuti anadwalapo."

Onse anaseka. Pasing anagwira phazi la Senyor mwaulemu, anatuluka osanong'oneza kanthu.

Ate sanaseke. Iwo popukuta nkhope ija amayankhula nayo, za nyamakazi, za mwana wa ku Milan amene saimba foni. Lero anapukuta chete ngati akupukuta kabati. Khofi sanandipatse.

Lachinayi Loyera, 6 Epulo

Ndimati nditseke masana. Mawa sitigwira lumo kapena sizasi, akulu amati Mulungu amakhala atafa, bala la tsiku limenelo silipola. Bambo Teodulo amati anafa monga munthu, Umulungu wake sunafe. Komabe nawonso sindinawaonepo akumeta ndevu Lachisanu Loyera.

Ndikusesa, chitseko chinatseguka. Ate Choleng. Chikwatirire mng'ono wawo sanapondemo muno, amati mumanunkha amuna. Anayang'ana mpando, anaupukuta ndi mpango, anakhala.

Anafunsa ngati katoni ija ilipo. Ndinati ilipo. Anafunsa ngati dazi lija lingatsekeke. Ndinati ndi singano ndi ulusi lingatsekeke lero lomwe, koma tsitsi la Ning latha, lowonjezera ndilibe.

Anayamba kuzula mapini. Mfundo ya tsitsi lawo ija imene tauni yonse imaidziwa, imene sinamasukepo pagulu. Linagwa mpaka m'chiuno. Kunsonga lakuda ndi mankhwala, kumizu loyera mbuu. Sindinkadziwa kuti akalamba chonchi.

Anati, "Usiku wonse ndakhala ndi Senyor, ndasowa chomuuza. Sakutidziwa uja." Kenaka, "Dula, iwe. Ukuyang'ana chiyani? Ndipo loyeralo usataye, uikenso lomwelo."

Ndinawakumbutsa kuti mawa adzayenda kumbuyo kwa ngolo ngati kale. Anati akudziwa, nanga ayende kuti.

Ndinawafunditsa nsalu. Pa galasi, khosi lawo ndi la Ning ndendende. Ndinawauza kuti ndikukanola sizasi, ndabwera kuseri kuno, ndakhala pa ndowa. Sizasi ndi yakuthwa kale.

Akuitana. Akuti dzuwa likupita, Senyor ali chigonere mutu uli pamtunda, nayiloni anaivula m'mawa.