Mumulange Tionenji Asanabwerere ku Sikelo

Chinsapo 2,
Lilongwe.

Okondedwa achemwali anga a Kettie,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse kumeneko. Nanga mwendo uja unasiya kutupa? Ife kuno tili bwino, kungoti bambo a Tionenji anadwalako malungo sabata yatha, koma pano ayambanso kupita ku ulonda wawo ku Area 25. Madzi akumatuluka m'bandakucha mokha, ndiye tikumalawirira kukaima pamzere ndi zidebe. Kaunjika naye akuyenda mokwawa, anthu akungogwiragwira zovala n'kumapita.

Ndalemba m'malo moimba chifukwa nkhaniyi si yokambira pa foni ya alamu anthu atatchera khutu.

Mukukumbukira kuti pa holide ya Ogasiti mwana wanu Tionenji anabwera kwanuko kudzathandiza pa chipatala chathu chaching'ono chija. Anamutumiza ndi a Greenwell, aphunzitsi ake a Bayoloje, amene ali ndi kagulu ka ana ofuna kudzagwira ntchito za chipatala. Masiku a sukulu amawaphunzitsa kuyeza kutentha kwa thupi ndi kumanga zilonda, ndipo pa holide aliyense amamutumiza ku chipatala cha kumudzi kwawo kuti akaone ntchito ndi maso. Iwo amati mwana amene wazolowera chipatala cha kwawo sadzathawa kumudzi akadzamaliza maphunziro.

Inu munkamuona akudzuka m'mawa n'kumati mwana ali pa ntchito. Inenso kuno ndinkadzitama msika wonse kuti ndabala namwino. Dzana ndi pamene wandiuza zoona. Akuti tsiku loyamba anamwino anamulowetsa m'chipinda cha sikelo ya amayi oyembekezera kuti aziwawerengera manambala. Amayi aja atangomuona anamangitsa zitenje zawo. Mmodzi anafunsa ngati uyu si mwana wa Elube, ndipo ngati ndi iyeyo, analangidwa liti. Atamva kuti sanalangidwe, onse anatuluka kukakhala pansi pa mtengo, ati sangaonetse mimba zawo kwa buthu. Anamwino anayesa kuwanyengerera, koma ena anayamba kubwerera kwawo osayezedwa. Pamenepo anamwino anangomutulutsa mwanayo. Holide yonse anathera kusesa panja ndi kutunga madzi pa mjigo, inu osakuuzani chifukwa cha manyazi.

Zinandipweteka, achemwali, mpaka ndinalira. Mwana amakhoza bwino m'kalasi, magetsi akazima amawerenga ndi tochi ya foni, ndiye akagwire tsache? Komabe amayi aja sindikuwanena. Nanenso ndinakulira komweko, ndikudziwa kuti za m'chikuta saonetsa mwana wosalangidwa. Kuno Tionenji atatha msinkhu tinangomutengera kwa amayi a kumpingo, anamuuza mawu awiri atatu madzulo amodzi, basi. Kwathuko zimenezo saziwerengera.

Dzulo ndinapita ku sukulu kukaonana ndi a Greenwell, ndipo ndapeza kuti anamwino anawauza kale zonse. A Greenwell akuti holide ya Disembala ndi mpata womaliza wa mwanayu asanalembe mayeso a Fomu 4. Akapanda kulowanso m'chipinda muja, iwo sangamuchitire umboni ku sukulu ya unamwino kuti anagwirako ntchito kumudzi, ndipo malo ake m'kagulu apatsa mwana wina. Tionenji mwini wake akuti bola adzangogwira m'tauni muno, mmene safunsa kuti ndiwe mwana wa yani, ndipo kumudziko sadzapondako ndi yunifolomu. Walankhula ndi mkwiyo, koma ndimamudziwa, akanena wanena. Liuma limeneli anatengera inu.

Pempho langa ndi limodzi. Inu ndinu nankungwi, ndipo amayi a kumeneko mawu anu amawamva. Ndimutumiza sukulu ikangotsekera. Mumulange monga mwa mwambo wathu, muitanenso amayi odziwika kuti akhale mboni, makamaka aja anayambitsa zotuluka. Kenako tsiku la sikelo mumuperekeze nokha, mulowe naye m'chipindamo anthu akuona. Za ulemu ndi kusunga chinsinsi cha mnzako mukuzidziwa kuposa ine, ndipo n'zomwezonso amawauza ku sukulu. Koma za m'banja muzisiye kaye, ndipo alamu asayambe kumulozera anyamata monga amachitira akakhuta. Uyu ulendo wake ndi wa ku sukulu. Nkhuku ndi chitenje chanu abwera nazo.

Tionenji poyamba anakana, ati zimenezo n'zachikale. Ndinamufunsa kuti amayi amene akufuna kudzawathandizawo ndi ati, a m'buku kapena amoyo. Wagona nazo, ndipo m'mawa uno wandifunsa ngati pamafunika kumeta tsitsi. Ndamuuza kuti akafunse inu.

Mukaona kuti n'zosatheka mundiuze msanga kudzera kwa Owen wa minibasi uja. Koma muganizire kuti anamwino athu aja ali okhaokha, ndipo akula. Akadzapuma, wobwera m'malo mwawo adzakhala mlendo amene maso ake adzakhala ku msewu wa ku tauni. Ana anu aakazi akukula, achemwali, ndipo tsiku lawo likadzafika adzafuna wowalandirira mwana amene sadzathawa.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa amalume, kwa azakhali ndi ana onse. Bambo a Tionenji akupereka moni, ati alamu asaiwale mbewu ya mtedza ija. Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane.

Ndine mng'ono wanu, amene munamuperekeza nokha kutsimba akunjenjemera,

Elube