Lamba wa a Chimimba

Lolemba, 3 Malichi

Lero ndaseka mpaka kutsokomola. A Chimimba, eni fakitale yodula nsomba, atuma dalaivala wawo ku shedi kwathu kofufutira zikopa. Akufuna lamba wa chikopa cha nsomba. Loweruka kukubwera alendo odzaona ngalande, ndiye akuti avale lambayo powauza kuti anaiyeretsa ndi iwo. Iwo!

Zaka makumi awiri ndinkawasendera nsomba. Zikopa ankazitaya m'ngalande ya kuseri kwa nyumba zathu, ife n'kumadyera mbale imodzi ndi ntchentche. Tsiku londichotsa ntchito anati ndatha ngati chikopa cha nsomba, kwanga n'kudzala. Mawu amenewo ndinawasunga pouma.

Lachiwiri, 4 Malichi

Ngalande tinayeretsa ndi ife, amayi naini ochotsedwa ntchito. M'mawa uliwonse timakatola zikopazo, kupala mamba ndi mafuta, kuzinyika m'madzi a makungwa, popanda mankhwala. Kenako zikwama, nsapato. Njala inachoka pakhomo chifukwa cha zomwe mkuluyu ankataya.

Koma chikopa ukachisiyira mafuta, masiku oyamba chimakhala chaulemu. Chikangomva dzuwa ndi thukuta, chimakumbukira kuti chinali nsomba. Pamulu wa zolakwika ndasankhapo zitatu. Mimba ya mkulu uja imatuluka thukuta ngati mphika wovundikira. Tidzaona.

Lachitatu, 5 Malichi

Alamu, omwe amasoka pa mashini, andigwira. Ndinawaphunzitsa ndekha kuti chikopa amachiyesa ndi khutu: chabwino ukachipinda chimakhala chete, cha mafuta chimalira ngati nsapato yonyowa. Anachipinda kamodzi, n'kundiyang'ana. Akuti alendo a Lowerukawo ndi omwewo akufuna kumatigula zikwama.

"Lamba ameneyu akanunkha, mlamu, tanunkha ndi ife tonse naini."

Ndawauza kuti iwo sanatchulidwepo kudzala. Akana kusoka.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndasoka ndekha pamanja. Ine ndi alamu moni wokha.

Lachisanu, 7 Malichi

Lamba uja ndinamuyanika pa chingwe kuti ndimuyese. Masana asanakwane, ntchentche zobiriwira zija zinali zitadzaza pakhomo panga, ina n'kutera pa kapu yanga ya tiyi ngati mlendo wodziwa mpando wake. Chaka chathunthu ndisanazione. Ndinazipirikitsa ndekha, lero ndaziitana ndekha.

Ndinanyamula lambayo kuti ndikamuponye m'ngalande. Kufika, madzi ali mbee, mchenga ukuoneka pansi, achule akusambira. Dzanja linakana. Ndamukwirira patsinde pa mtengo wa ndimu.

Ndapita kwa alamu ndi zikopa zitatu zabwino koposa. Anangopalasa mashini, n'kusoka lamba wina. Ndiye kuti Chimimba wandipulumuka? 

Loweruka, 8 Malichi

A Chimimba anafika atavala lamba wabwino uja, mamba akunyezimira pamimba. Analankhula, analankhula: ndi ine ndinaganiza, ndi ine ndinayeretsa. Ife tili chiimire kumbuyo, pafupi ndi migolo yonyikira zikopa.

Mayi wina mwa alendowo, wamagalasi, anafunsa kuti chikopa chopyapyala chotere amachilimbitsa bwanji. Mkulu uja anati amachichapa ndi sopo. Alamu anaphulika nako kuseka. Mayiyo anafunsanso za makungwa, a mtengo wanji, masiku angati. Thukuta lija linayamba. Anatembenuka, maso akufunafuna, mpaka anandipeza.

"Mayi, tabwerani mufotokoze."

Mayi! Ndinayenda pang'onopang'ono ngati mkwatibwi. Ndinagwada mwaulemu wonse.

"Bwana, tavulani lambayo ndiwaonetse alendo bwinobwino."

Anavula. Anaima pamenepo padzuwa, manja onse awiri atagwira buluku. Ine ndinapinda lambayo pakhutu la mayi uja, lamba ali chete. Mayiyo anandipempha kuti ndiwauze mmene zonse zinayambira, ndisasiye kanthu. Wina anandibweretsera mpando.

Ndinakhala, ndinakonza kukhosi, n'kuyambira pa chaka chimene ndinalowa ntchito.