Malaya a Atate Amangopita Kutchalitchi

Chiwanga, 14 Julho 2025

Okondedwa achimwene a Beni,

Ndikhulupirira muli bwino ku Nampulako. Kuno anthu ali bwino, nzeru zokha ndizo zikudwala.

Paja ndinakuuzani za malaya asanu ndi atatu amene ndinabwera nawo kuchokera ku univesidade. Kumsana kwake tinadindako antena ya grafeno, yopyapyala ngati utoto, yopindika pamodzi ndi nsalu osathyoka. Kabokosi ka m'thumba kamatumiza uthenga, ine n'kumaona pa kompyuta kadontho kosonyeza pamene msodzi ali, kuti bwato likagubuduzika tidziwe kokamufuna. Apulofesa akufuna zotsatira za masiku makumi atatu pamadzi pofika Setembro. Zikapanda kupezeka, malo anga a maphunziro ku Maputo apatsa wina, ine ndidzakalambira pano ndikuyanika usipa.

Ndinagawira asodzi asanu ndi atatu, atate poyamba. Sabata yonse, panyanja popanda kadontho. Domingo ya pa 6 Julho m'mawa ndikutsegula kompyuta, timadontho tonse tili phee pamalo amodzi: m'tchalitchi, benchi yakutsogolo! Achimwene, chaka chathunthu cha mutu wanga asandutsa yunifomu ya kwaya. A Hosea, mmodzi wa asodziwo, anafika powasita awo ndi nsimbi ya makala, antena n'kupsa. Akuti anali ndi makwinya.

Ndinawafunsa atate pamaso pa anzawo. Iwo akusoka ukonde, osadzutsa n'komwe mutu: “Iwe Nilza, malaya opanga mwana wanga ndikawapake mamba? Kunyanja timapita ndi nsanza.”

Ndinawayankha kuti n'chifukwa chake adzafa ndi nsanza zomwezo. Anzawo anaseka, iwo sanaseke. Lero ndi tsiku lachinayi akundilankhula kudzera mwa amayi. Sindinaname, ndiye musandilembere za kupepesa.

Pempho langa nali. Ndatsala ndi tizigamba ta grafeno tisanu. Munditumizire malaya anu akale a kugaraja, oda ndi oilo, obooka m'khwapa, oti munthu angachite nawo manyazi pakhomo pa tchalitchi. Alamu asawachape. Ndisokerera antena mkati, poti anthu ano chinthu amachigwiritsa ntchito chikanyansa. Zimenezi ku univesidade sanatiphunzitse.

Moni kwa alamu a Ercília ndi ana. Amayi akuti mwawaiwala. Atate sanapereke moni, alowa m'nyanja kale, mphepo ya mwera ili chiwombere. Malaya awo ali pa msomali, apindidwa bwinobwino m'pulasitiki. Tumizani msanga.

Ndine mlongo wanu,
Nilza