Dzina langa pa lipoti lawo

Lachiwiri, kuno ku Chowe. Tsiku lonse mtima wakhala ukundiwawa.

Lipoti la kafukufuku uja wa atsikana osiya sukulu lafika kuchokera ku yunivesite. Ahedi amata chikuto chake ndi tsamba la zotsatira pa bolodi, akunyadira kuti dzina la mphunzitsi wawo lili pamodzi ndi la madokotala awiri a zamaphunziro. Ndinachita kupempha ndekha kuti dzinalo likhalepo. Ndinkati ntchitoyi ndi yathu tonse.

Madokotalawo alemba kuti makolo a kuno alibe chidwi ndi maphunziro, poti pamsonkhano umene anaitanitsa panabwera anthu ochepa. Msonkhanowo anauika Lachisanu masana. Ndinawauza kawiri pa foni kuti nthawi imeneyo anthu amakhala ku mzikiti, iwo n'kuyankha kuti galimoto ikupezeka tsiku lomwelo basi. Zimenezo mu lipoti mulibe, ndipo sanandionetse asanasindikize.

Poweruka ndapeza Che Saidi, wapampando wa komiti ya makolo, ataima pa bolodi, ena atawamasulira kale. Awa ndi bambo amene chaka chatha anayenda khomo ndi khomo mpaka atsikana ena anabwerera m'kalasi.

Sanakalipe. Angoti, "Madamu, alendowo satidziwa, tiwakhululukire. Koma dzina ili si lanu?"

Ndavomera. Andiyang'ana pang'ono, n'kukwera njinga yawo osatsanzika.

Madokotala aja atumiza uthenga wondithokoza, akuti ndiwasonkhanitsirenso makolo a gawo lachiwiri la kafukufuku. Iwo adzabwera n'kubwerera tsiku lomwelo. Ine ndikayambire khomo la ndani, ndi nkhope iti...