Saluni Kapena Wagoni: Komiti Isankha Galimoto ya Odwala

KOMITI YA ZAUMOYO YA OGWIRA NTCHITO, DIVISHONI YA KUMTUNDA

Tsiku: Lachinayi, 8 Januwale 2004
Malo: M'shedi yoyezera tiyi

Opezeka: a Yona Malizani, kapitawo wamkulu (wapampando); mayi Miriam Namakhwa, namwino; mayi Salome Muhome, woimira amayi othyola tiyi; a Blackson Nakoma, dalaivala wa thirakitala; a Dickson Mukhuna, mlonda; ndi ine Winston Khoromana, mlembi.

Osapezeka: a Filipo, ali ku ukwati ku Nsabwe. Anapepesa.

1. Kutsegula

Mayi Namakhwa anatsegula ndi pemphero. Zolembedwa za msonkhano wapitawo zinawerengedwa ndi ine mlembi, momveka mpaka kufakitale, ndipo zinavomerezedwa.

2. Lipoti la ulendo wa ku Limbe

Wapampando anakumbutsa mamembala kuti kampani yavomera kugula galimoto yonyamula odwala kupita kuchipatala cha mishoni, m'malo mwa thirakitala, ndipo bwana manijala akufuna yankho mawa. Anapempha mlembi apereke lipoti.

Mlembi anati iye, wapampando, mayi Namakhwa ndi a Mukhuna anakaona galimoto ziwiri za mtundu umodzi, zomwe azikonzanso chaka chino. Zonse matayala anayi amakoka pamodzi, moti zikhoza kukwera khoma la fakitale chafutambuyo. Wapampando anati za khomazo zisalembedwe. Zalembedwa kale.

Yoyamba ndi saluni, ya buti kumbuyo, mipando yake yofewa kuposa ya bwana. Yachiwiri ndi wagoni, yaitali, ya chitseko kumbuyo, ndipo mipando yakumbuyo imapindika. Mlembi anafunsa mafunso m'Chingerezi mpaka wogulitsa anatuluka thukuta.

Pofuna kuona ngati wodwala angagone bwino, nthumwi zinagoneka a Mukhuna m'wagoni, poti ndiwo atali kuposa munthu aliyense m'boma la Thyolo. Anakwanamo, chitseko n'kutsekeka. Mayi Namakhwa anawafunditsa chitenje kuti aone malo otsala a womudikirira. A Mukhuna, amene anali atachokera kuntchito, anapezerapo tulo. Ife tinaimirira mozungulira, zipewa zili m'manja, chifukwa malo ake ndi aulemu.

Mkulu wina wa ku Masambanjati wogulitsa nthochi ku Limbe anaona zimenezi pagalasi, n'kukwera minibasi patsogolo pathu. Pofika kukomboni tinapeza masamba ataikidwa pamsewu, mipando itatulutsidwa panja, mayi Mukhuna akulira, alamu awo atatumiza kale uthenga ku Changata. A Mukhuna atatsika anthu anathawa, ena mpaka Mozambique. Wapampando anati anathawira kuseri kwa bafa basi.

A Mukhuna anapempha kuti zilembedwe kuti ali moyo. Zalembedwa. Anadandaulanso kuti alamu awo ena sanaoneke achisoni kwenikweni. Komiti inati nkhani imeneyo ndi ya kubanja.

3. Kusankha galimoto

Wapampando anati maganizo awo ali pa saluni. Anati ndi galimoto yaulemu, ndipo ikhoza kuthandizanso akuluakulu a komiti popita kumisonkhano kuboma. A Mukhuna anafunsa kuti akuluakuluwo ndi angati. Wapampando anaitana woyankhula wotsatira.

A Nakoma anagwirizana ndi wapampando. Anati kukomboni wagoni aitcha kale galimoto ya maliro, ndipo amayi ena alumbira kuti sadzakwera chinthu cholowera kumbuyo ngati bokosi. Anati iwo ndi amene adzaiyendetse, ndipo safuna ana azithawa akamadutsa.

Mayi Namakhwa anati m'saluni mayi amene matenda ayamba sangagone, ndipo namwino alibe pogwada. Koma anati pali mfundo imene mlembi waidumpha. Mlembi anavomera kuti anaisungira pabwino. Mfundo yake ndi iyi: saluni ilipo, ikhoza kubwera sabata yamawa. Wagoni imene tinaiona inagulidwa kale ndi munthu wina, ndipo yathu idzachita kuitanitsidwa kunja, kudzafika mvula itatha.

Mayi Namakhwa anati pachifukwa chimenechi, ngakhale mtima wawo uli pa wagoni, avotera saluni. Anati mamembala onse ali ndi maso, akuona mmene mayi Muhome alili, ndipo masiku awo agwera mwezi wamawa, msewu wa pachitunda uli phala. Anakumbutsa komiti kuti zaka ziwiri zapitazo, nthawi ya mvula, thirakitala inatitimira pachitunda pomwepo mayi Muhome ali m'ngolo pa ulendo wokabereka, ndipo mwana sanafike kuchipatala wamoyo.

A Nakoma, amene ankayendetsa tsiku limenelo, anayang'ana pansi. Wapampando anati nkhani yaoneka yokha, tingovota.

Mayi Muhome, amene anali asanayankhule, anapempha mpata. Ananena ali chikhalire, ndipo mawu awo ndawalemba osawonjezera kanthu:

"Anesi, zikomo, koma musandigulire galimoto ine. Tsiku lija chimene ndinkafuna ndi pogona ndi denga. Vuto langa ndi la mwezi umodzi, galimotoyi ikhala zaka. Mukatenga yaing'onoyo, aliyense wobwera pambuyo panga adzapita atakhala tsonga, azidzati ndi chifukwa cha Salome."

A Nakoma anafunsa za amayi amene akukana kukwera. Mayi Muhome anati amenewo awasiyire iwo, amathyola nawo mzere umodzi, ndipo matenda akayamba palibe amafunsa kumene kuli chitseko.

Mayi Namakhwa anafunsa kuti nanga iwowo adzatani. Anayankha kuti adzapita kuchidikiro cha kuchipatala nthawi isanakwane, thirakitala ikadali yokhoza kudutsa, ngakhale kutero n'kusiya dengu pamene tiyi wachuluka. Anangopempha kuti nambala yawo ya ntchito isapatsidwe munthu wina. Wapampando, monga kapitawo, anati nambalayo palibe adzaikhudze.

Povota, wagoni inapeza mayi Muhome, a Mukhuna, mlembi ndi mayi Namakhwa, amene anakweza dzanja mochedwa. A Nakoma anakweza pamene ndinali nditawerenga kale, koma ndawawerengera. Wapampando sanavote.

Chigamulo: Komiti yasankha wagoni. Sidzanyamula maliro, amenewo akhalabe a thirakitala. Wapampando akapereka yankho kwa bwana manijala mawa.

4. Zina ndi zina

A Nakoma anapempha miyala ngolo zingapo kuti athire pachitunda sabata ino, ndipo anati adzathira okha ngati anthu sapezeka. Zinavomerezedwa.

5. Msonkhano wotsatira

Udzakhalako Lachinayi, 12 Febuluwale 2004, malo omwewa. Mayi Muhome anapepeseratu kuti sadzakhalapo.

Msonkhano unatsekedwa nthawi ya 5 koloko madzulo ndi pemphero la a Nakoma.

Y. Malizani, Wapampando ....................

W. Khoromana, Mlembi ....................