Mundisankhire Lenzi, Achimwene

Okondedwa achimwene,

Landirani moni wanga nonse kumeneko. Kodi m'thupi mukupeza bwanji masiku ano? Alamu anandiuza pa foni kuti mwayamba kuyenda nokha mpaka pageti popanda ndodo, ndiponso kuti mawu ayamba kutuluka bwino kusiyana ndi mmene munkachokera kuchipatala. Ndinasangalala mpaka kuyamba kung'ung'udza nyimbo m'basi, anthu n'kumandicheukira. Koma akuti dzanja lamanja likunjenjemerabe. Musaleke zolimbitsa thupi zimene adokotala anakuuzani zija, ngakhale zikutopetseni. Ine kuno ndili bwino, kungoti chimfine chinandisautsa masabata awiri, koma chapita.

Ku situdiyo ntchito ndi yomwe ija, zithunzi za ziphaso kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Khalani apa, kwezani chibwano, musamwetulire. Koma mwezi uno abwana andipatsa ntchito ina. Pali nyumba yosungirako okalamba imene inapempha kuti tikajambule aliyense wokhala mmenemo, kuti abale awo akhale ndi chithunzi chabwino choika pakhoma. Abwana mawondo akuwavuta ndipo nyumbayo ndi ya masitepe ambiri, ndiye anangoti ndipite ine.

Tsiku loyamba ndinabwerako ndi manyazi. Zipinda zake ndi zazing'ono, bedi, kabati, mpando umodzi ndi zenera limodzi basi. Amayi oyang'anira nyumbayo anandiletsa fulashi, getsi lothwanima la kamera lija, akuti okalamba ena imawadzidzimutsa mpaka kulira. Ndinajambula ndi lenzi yanga yokoka ija, imene inabwera pamodzi ndi kamera. Zithunzi zinatuluka zakuda, zina zogwedezeka, nkhope zili mbuu ngati wazithira mchenga. Abwana anaziyang'ana n'kungovula magalasi awo. Zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipiridwa.

M'mawa mwake ndinapita kwa bambo wina wogulitsa makamera, mnzawo wa abwana. Timamutchula kuti Ndevu, chifukwa pankhope pake pamaoneka maso ndi mphuno zokha. Anandiseka kaye, kenako anandiuza kuti kamera yanga ilibe mlandu, vuto ndi lenzi. Akuti m'chipinda cha mdima mumafunika lenzi yosakoka, imene ukafuna kuyandikira munthu umayenda ndi miyendo yako, koma diso lake limatseguka kwambiri n'kumeza kuwala konse kolowa pazenera. Zimenezi inu mukuzidziwa kale, munandiuzapo ndili wamng'ono, koma nthawi imeneyo zinkangolowera khutu ili n'kutulukira linali.

Anandibwereka malenzi awiri ogwiritsidwapo kale ntchito, ya 50 yojambulira pafupi ndi ya 85 yojambulira chapatali, kuti ndiyesere mpaka kumapeto kwa mwezi wamawa. Ikakwana nthawiyo ndibweze imodzi, inayo ndigule. Mphamvu zanga zikufika pa imodzi yokha, ndipo imene ndisankheyo ndikhala nayo zaka zambiri. Iye akuti wojambula nkhope weniweni amatenga ya 85 osaganiza kawiri.

Kamera zatsopanozi mukanazigwira mukanaseka. M'kati mulibe kagalasi kogubuduka kaja, choncho yangayi ndi yopepuka, ndipo ndikafuna imajambula mwakachetechete, munthu osadziwa kuti ndatola kale. Imadzipezera yokha diso la munthu n'kuliikira kabokosi. Komabe nzeru ilibe. Tsiku loyamba ndi malenzi obwerekawa ndinatsegula diso la lenzi mpaka kumapeto chifukwa cha chimwemwe. Abambo ena anapendeketsa mutu pang'ono, diso limodzi linatuluka lakuthwa, linalo lili zii ngati lili m'madzi. Ndinaphunzira kutsekako pang'ono.

Tsopano nkhani imene yandilembetsa kalatayi ndi iyi. M'chipinda chakumapeto kwa khonde mumakhala amayi ena amene anali azamba zaka makumi anayi. Makutu awo anagontha pang'ono, koma pakamwa mpakuthwa. Nditalowa anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kundiuza kuti ndikudya mosakwanira, ndipo amene anandidula mchombo ayenera kuti anali pachangu.

Ndinayamba ndi ya 85. Kuti mutu ndi mapewa zilowe bwino ndinabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda chitseko, ndinachitsegula n'kukaima pakhonde. Chithunzi chinatuluka chokongola, achimwene. Kabati ndi mabotolo a mankhwala zonse zinasungunuka kumbuyo, kunatsala nkhope yokha ndi kuwala kwa pazenera patsaya. Koma kuchokera pakhondepo sankandimva. Ndinkachita kufuula kuti atembenuke, iwo n'kumangokhala chiwongokere ngati akudikira dzina lawo pamzere wa kuchipatala.

Kenako ndinaika ya 50, ndinakoka mpando n'kukhala pafupi, mawondo athu kutsala pang'ono kugundana. Ndinakumbukira zimene munkanena, kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiye ndinaika kamera pamiyendo n'kuwafunsa za ntchito yawo. Anandisimbira za mayi wina amene anachira mapasa m'galimoto la katundu litatitimira m'matope, woyendetsa atakomoka ndi mantha, iwo n'kumasamalira anthu anayi m'malo mwa atatu. Pofika pa woyendetsayo anaseka mpaka misozi, manja ali m'mwamba kusonyeza kukula kwa mwana woyamba. Pamenepo ndinatola. Chithunzicho sichoyera ngati choyamba chija. Ngodya ya kabati ikuoneka, mabotolo akuonekako pang'ono, ndipo dzanja limodzi lakula chifukwa linali pafupi ndi kamera.

Ndinatsukitsa zonse ziwiri n'kupita nazo. Mwana wawo wamkazi anasankha choyamba, akuti amayi ake akuoneka aulemu, ndipo ndi chimene akufuna kuti adzukulu azidzachiona. Amayi azambawo anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako ananena kuti chimenecho tisunge, chidzagwira ntchito pa tsiku la maliro awo. Anatenga chachiwiri n'kuchiimika patebulo pafupi ndi bedi. Mwana wawoyo anakhumudwa, ndipo ine ndinasowa poyang'ana. Abwana ali mbali ya mwanayo, akuti amene amaitanitsa zithunzi ndi abale, ndiye tiziwasangalatsa iwowo. Ndevu naye sanasinthe maganizo. Ine mtima uli pawiri, ndipo kwatsala okalamba oposa makumi awiri oti ndiwajambule.

Achimwene, musawakalipire alamu, koma anandiuzanso zina. Akuti kamera yanu munaikulunga m'nsalu n'kuiponya pansi pa sutikesi, ndipo anthu akabwera kudzafunsa za zithunzi za ukwati mumalowa kuchipinda osawalonjera. Akuti munanena kuti wojambula wopanda dzanja ndi katundu chabe pakhomo. Mawu amenewo anandilasa. Sindikunamizani kuti dzanjalo lichira mawa, chifukwa sindikudziwa. Sindinganenenso kuti ndikumvetsa mmene mukumvera, poti ine manja anga onse ali bwino. Koma ndikudziwa amene ankandiimika pabwalo ndi chithunzi m'manja n'kundifunsa kuti kuwala kwachokera kuti, ndikalakwa n'kundibwezanso kuti ndiyang'anenso. Zimenezo simunkachita ndi dzanja.

Pempho langa ndi limodzi. M'kalata muno ndaikamo zithunzi ziwiri za amayi azamba aja, ndipo iwo ndi mwana wawo avomera kuti ndikutumizireni. Kumbuyo ndalemba 50 ndi 85, koma musayambe mwatembenuza. Mukhale nazo pakhonde m'mawa dzuwa lisanakwere, muziyang'ane mmene munkayang'anira zanga zija, kenako mundiuze lenzi yoti nditenge ndi chifukwa chake. Ngati zonse ziwiri ndalakwitsa, munene, musandinyengerere. Musaganize kuti ndikuchita izi pofuna kukusangalatsani. Kuno aliyense wondilangiza ali ndi chake, wina akugulitsa, wina akuopa makasitomala. Ndinu nokha amene mungayang'ane nkhope ya mayiyo osaganiza china.

Ngati kulemba kukuvuta, muwauze alamu alembe, kapena mundiimbire Lamlungu masana, ndimakhala ndili panyumba. Ndevu ndamuuza kale kuti yankho lichokera kwa amene anandiphunzitsa, ndipo adikire. Anafunsa ngati mphunzitsi wangayo ali ndi situdiyo yaikulu. Ndinamuyankha kuti akadzamva yankho lanu adzadziwa yekha.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti juzi ija ndikuvala ndipo asamade nkhawa ndi kuzizira. Moni kwa alamu, ndikuwathokoza chifukwa cha zonse akukuchitirani. Moni kwa amalume ndi azakhali, ndi kwa ana onse, makamaka wamkazi wamkuluyo amene akulemba mayeso chaka chino. Mulungu akusungeni nonse.

Sindigula kanthu mpaka nditamva kwa inu.

Ndine mlongo wanu,
Mzime wa m'nyumba mwathu